Chotsani Mbale, Amayi

Famu ya kwa Chipewa,
Kupitirira Halale.
Pa 21 Epulo, 1968.

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata nthawi ino yokolola, pamene ndikudziwa kuti mukusowa ndi mpata wokhala pansi womwe. Pepaninso aphunzitsi a Ignasio, inu amene muwawerengere amayi mawu angawa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye mukaona polakwika mungodumphapo.

Kodi muli bwanji kumeneko ku Chongoni? Nanga bondo lija? Atsibweni a Dominiko ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, mkamwini wanu a Gervazio alinso bwino. Tinafika bwino, ngakhale fumbi la msewu wa ku Tete ndinalitsokomola sabata yathunthu. Muwauze anthu kuti kuno si ku Joni monga akunenera. Ku Joni n'kutsogolo. Kuno ndi pa famu ya fodya, mwini wake ndi mzungu amene anthu anangomutcha Chipewa. Ine andilemba ntchito yosankha fodya m'shedi. A Gervazio ndi kapitawo, amayang'anira anthu onse a m'komboni, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera kwathu komweko.

Potsanzikana paja munati chinthu choyamba ndikulembereni ngati ndikukhuta. Amayi, ndikukhuta. Lachisanu lililonse timalandira phoso: ufa, nyemba, mchere ndi nyama pang'ono. Ife timalandira mowirikiza chifukwa cha ukapitawo. Tsiku loyamba ndinadya nyama mpaka nkhuli yonse imene ndinali nayo chimwalirire abambo inathera pomwepo. Kwathu kuja tinkangopha njala, mwinanso kungotsuka m'kamwa ndi kachewere wophika n'kumwera madzi ambiri kuti mimba inamizike. Uku kunali kukhuta kwenikweni, kochita kumasula nsalu m'chiuno. Ndinageya pamaso pa mkamwini wanu, manyazi n'kundigwira, iwo n'kumaseka. M'mawa mwake mkute unalipo wosowa woudya. Ndinauyang'ana n'kuyamba kulira pokumbukira inu.

Mwambo wanu uja ndabwera nawo. Mlendo akati "ndakhuta" koyamba, amenewo ndi manyazi, umuonjezere. Akanena kachiwiri ndi ulemu, umukakamizebe pang'ono. Koma akanena kachitatu n'zoona, chotsa mbale ubweretse madzi osamba m'manja, chifukwa kupitirira apo si kucherezanso, ndi nkhanza. Ndinachita zimenezi kwa a Vinsenti a ku Chimbiya ndi akazi awo a Elena atabwera kudzandilonjera. A Elena anaomba m'manja nati, "Koma mwana uyu ngoleredwa ku Dedza ndithu."

Ndatumiza mapaundi awiri. Mugule khadi la chipani kuti asakubwezeni pa msika wa pa Boma, yotsalayo mugule bulangete, Juni akubwera.

Chimodzi chokha ndicho sindinachizolowere. A Gervazio akaweruka amakoleka chikoti pamsomali umene uli pamwamba pa mbale zanga. Akuti n'cha kuntchito basi.

Ine mwana wanu,
Anastazia.


Pa 14 Julayi, 1968.

Okondedwa Amayi,

Moni wa m'chisanu. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndakondwa kumva kuti bondo lachepako ululu ndi kuti nyemba zinachita bwino kumunda wa kumtunda. Ine ndili bwino. Mkamwini wanu ali bwino.

Aphunzitsi, apa muwerenge motsitsa mawu. Amayi, sindili ndekha. A Elena akuti zidzakhala cha m'Januwale. Mukapeza kansalu kofewa pa Boma mundisungire.

Mwafunsanso ngati ndikukhutabe. Chakudya chilipo. Koma mawu amenewa ayamba kundiopsa. Kwathu mwana akachita mwano mumati "wakhuta" mukuseka. Kuno sanena akuseka.

Fodya sanagulidwe bwino ku okushoni, ndiye Chipewa wadula pakati phoso la anthu wamba. Lathu sanadule. Amuna atatu anapita ku ofesi kukadandaula. Chipewa anaitanitsa a Gervazio n'kuwamenya khofi pamaso pa atatuwo, akuti alephera kuweta anthu awo. Potuluka m'menemo a Gervazio anawagoneka chafufumimba onse atatu pafupi ndi sikelo, aliyense akumufunsa kuti, "Wakhuta eti? N'chifukwa chake wamera pakamwa?" Ife m'shedi tinkangomva chikoti chikulira, manja ali pa fodya, osadzutsa mutu. Mmodzi malaya anamatirira kumsana, a Elena anachita kunyowetsa ndi madzi ofunda kuti avuke.

Kuno zonse amazinena ngati zakudya. Munthu samenyedwa, amadya chikoti. Akamenyedwa pang'ono akuti wangolawa. Akagona masiku osadzuka akuti amukhutitsa.

Madzulo ake ndinalakwitsa. Ndikuwapatsa madzi mkamwini wanu ndinangoti, "Bambo, anthu aja ana awo akugona ndi njala, pamene ife mkute tikutaya." Mukundidziwa kuti sindiyankhulayankhula, sindikudziwa chimene chinanditsekula pakamwa. Anabweza nthongo m'mbale nati, "Iwe, wakhuta?" Chikwatiranireni anali asananditchulepo kuti iwe. Zotsatira zake sindilemba, pepala landichepera. Mlomo unaphwa patapita masiku ochepa. Ku shedi ndinanena kuti ndinagunda chitseko, ndipo palibe anafunsa kuti chitseko chake chiti.

Ndatumiza paundi imodzi. Mupeze munthu akufolerereni denga mvula isanayandikire, musakwerepo nokha. Za mlomozi musawauze atsibweni. N'zazing'ono.

Ine mwana wanu,
Anastazia.


Pa 26 Sepitembala, 1968.

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi atsibweni. Za moyo wanga ndinena kumapeto. Ndikulemba nditagona chammbali, pang'onopang'ono. Aphunzitsi mundikhululukire pa zimene muwerengezi, koma ndikapanda kuuza munthu ndipenga.

Sabata yatha a Vinsenti anawagwira ndi ufa m'thumba la jekete. Unali wosesa pansi m'nyumba yosungiramo phoso, wosakanikirana ndi mchenga. Paja ali ndi ana atatu. Chipewa anauza a Gervazio kuti wakubayo ndi wa kwanu, ukonze wekha, apo ayi ukapitawo watha.

Lamulungu titachoka ku mapemphero a pansi pa mtengo, a Gervazio anandibweretsera ufa ndowa yathunthu nati ndiphike mu mgolo wodula uja timawiritsiramo zovala. Ndinafunsa kuti alendo ndi angati kuti ndidziwe za ndiwo. Anati mlendo ndi mmodzi, ndiwo sizikufunika. Ndinayesa nthabwala. Ndinaphika, amayi. Ndinavundula bwinobwino monga munandiphunzitsira.

Anaimba chitsulo, komboni yonse n'kusonkhana pabwalo. A Vinsenti anawakhazika padzuwa, beseni lodzaza lili patsogolo pawo, amuna awiri atawagwira m'mapewa.

"Akuti muli ndi njala, achimwene," anatero a Gervazio. "Lero bwana wakuitanani kuphwando. Idyani."

A Vinsenti anayesa kuseka. "Popanda ndi kamchere komwe, akapitawo?"

Chikoti chinatera m'khosi. Anayamba kudya. Poyamba ankadyadi ngati munthu wanjala, ana awo akuyang'ana, mpaka wamng'ono anayamba kulirira kuti amugawireko. Nsimayo inali yotentha, zala zinatuluka matuza. Beseni litafika pakati anati, "Zikomo akapitawo, ndakhuta."

"Manyazi amenewo," anatero a Gervazio. "Si mmene timachitira kwathu? Anastazia, onjezera."

Ndinaonjezera. Mulungu andikhululukire, ndinaonjezera. Akaima, chikoti. Atasanza, a Gervazio anati ufa wa bwana sutayidwa, n'kuwakanikiza nkhope pomwepo. Mimba inatupa n'kuuma ngati ng'oma, mpweya ukuchita kubanika, maso ali psuu. A Elena anadzigwetsa pa mapazi a mkamwini wanu, iwo n'kuwakankha ndi bondo. A Vinsenti ananena kachiwiri, "Ndakhuta bambo, ndapota nanu." A Gervazio anatembenukira kwa anthu nati, "Mwaumva ulemu wa ku Chimbiya?" Chikoti chinateranso.

Kenaka ananena kachitatu. Mawu sanatuluke, koma ine ndinali pafupi, ndinaona milomo. Amayi, sindinaganize chilichonse. Manja anangochita zimene anazolowera. Ndinatenga mbale ya madzi, ndinagwada, ndinakoka beseni lija n'kuliika kumbuyo kwanga, n'kunena kuti, "Sambani, bambo."

Kenaka wina kumbuyo anaseka, kamodzi kokha, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunandipalira moto.

"Ukundichotsera mbale pamaso pa anthu anga?"

A Gervazio chikoti anachiponya pansi. Anagwiritsa ntchito jombo. Ndinadzipinda kuti nditchinjirize pamimba, koma jombo ndi ziwiri, manja ndi aang'ono. Ndinatsitsimuka ndili m'nyumba mwa a Elena, iwo akuthamanga pakati pa mphasa ziwiri, ya amuna awo ndi yanga.

Ndiye za moyo wanga ndi zimenezo. Msana ukupweteka kwambiri, ndipo kuyambira dzulo sindikumva kugunda kuja kwa m'mimba. Ndalama mwezi uno palibe. Mundipempherere.

Anastazia.


Pa 20 Okutobala, 1968.

Okondedwa Amayi,

Moni. Muli bwanji ndi kutenthaku? Ine ndayamba kuyenda, chogwira khoma.

A Vinsenti anatisiya mawa lake nditakulemberani. Chimene chinaphulika m'kati sitikuchidziwa. Ankasanza magazi, ngakhale madzi osatsika. Chipewa anati anali malungo, napereka matabwa a bokosi. Anawaika kuseri kwa mabalani a fodya, popanda m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Mukamva za wopita ku Chimbiya, akafunse banja la a Ndapeza pafupi ndi msika, akawauze.

Kansalu kofewa kaja, ngati munagula, mupatse wina. Anali wamwamuna. A Elena ndi amayi ena awiri ndiwo anakonza zonse, ine sanandionetse pamene anamuika.

Mkamwini wanu wandigulira diresi ndi buledi wa kusitolo. Akuti ndinawachititsa manyazi ndine, koma andikhululukira. Chikoti chili pamsomali pomwe paja. Ndikamapakula chimakhala pamwamba pa mutu wanga.

Amayi, ine sindine munthu wopemphapempha. Ndi atsibweni a Dominiko amene anavomera kuti ndibwere kuno ku chitengwa, ndipo ndi iwo okha, monga ankhoswe, amene angandiitanitse. Popanda kalata yawo palibe angandipatse chikalata cha ulendo, pakuti kuno ndinalembedwa pa dzina la amuna anga. Muwapemphe alembe. Banja ili ndakhuta nalo.

Ine mwana wanu,
Anastazia.


Pa 15 Disembala, 1968.

Okondedwa Amayi,

Moni wa m'dzinja. Kodi mwatha kudzala? Bondo likuti bwanji ndi mvulayi? Ine ndilipo. Ndabwerera kuntchito, tsopano tikupalira fodya.

Kalata yanu ndalandira ndipo ndamva zonse. Mwati banja ndi kupirira. Mwati ukwati wa pa guwa suthetsedwa. Mwati nanunso abambo anakumenyanipo koma munakhala nawo mpaka kuwaika m'manda, ndi kuti kuno kuli chakudya pamene kwathu nkhokwe sifika Febuluwale. Mwati ndi ubwana, chisoni cha mwana ndicho chikuyankhula. Sindikukutsutsani. Ndayesa monga mwanenera.

Koma mundilole ndifotokoze bwino, mwina sindinalembe momveka. Mukukumbuka chaka chija ndinadya futali wambiri pa ubatizo, n'kutupidwa mpaka munandimwetsa madzi a phulusa? Paja mpaka lero fungo lake lokha limandikola. Ndi mmene zilili. Kulipo kukhuta kokoma, kumene munthu amatsamira khoma n'kuyamika wophika. Kulinso kwina, kumene chimene wadyacho chimasanduka mdani m'mimba mwako, kutsika osatsika, kutuluka osatuluka. Chiphikireni mu mgolo muja, chakudya sichipita. Ndikatema nthongo ndimaona zala za a Vinsenti.

Ndiye umenewo wasanduka mlandu wina. A Gervazio akuti mkazi wokana chakudya cha mwamuna wake ndiye kuti wakhutira kwina. "Akukudyetsa ndani? Mutchule!" Amakhala pampando, chikoti chili pamiyendo, mpaka mbale ndiikombe. Ndikakomba ndimazemba kukasanza kuseri mwakachetechete. Sabata yatha anandimva. Mano awiri akutsogolo palibe tsopano. Ndikukuuziranitu kuti tsiku lina musadzadabwe.

M'komboni amayi ambiri sandiyankhula, ena amanditcha wophika mu mgolo. Sindiwadandaula, ndinaphikadi. A Elena okha, amene anayenera kudana nane, ndiwo amandiitana n'kunditsuka mabala. Amati, "Mwana iwe, pa khamu lonse lija ndiwe wekha unawapatsa madzi amuna anga."

Ndatumiza mapaundi atatu a Khirisimasi. Mugule mchere ndi sopo, ndipo mupereke ya Misa ya a Vinsenti. Mwanayo analibe dzina, koma mumutchule mumtima.

Pepani amayi, ndikubwereza. Ndakhuta. Atsibweni alembe.

Ine mwana wanu,
Anastazia.


Chipatala cha Mishoni.
Pa 9 Febuluwale, 1969.

Okondedwa Amayi,

Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Masamba ena ndachita kung'amba chifukwa sanali oyenera kufika m'manja mwa aphunzitsi. Muli bwanji? Ndikudziwa kuti mwezi uno ndi wa njala kwathu. Musamalowe nokha m'nkhalango kukafuna bowa ndi bondo limenelo.

Ine ndili moyo.

Yankho lanu lachiwiri linandipeza pa Chaka Chatsopano. Munati ndidikire kukolola, mwina mtima wa munthu usintha, ndi kuti atsibweni akuopa kuti anthu adzati mbumba yawo sikhalitsa pabanja. Ndinadikira.

A Elena anawaimitsira phoso, akuti wamasiye alibe gawo. Ine mkute ndinkaupatsira ana awo pampanda m'malo motaya. Tsiku lina mkamwini wanu anandipezerera. Ulendo uno sanafunse ngati ndakhuta. Anangotenga mpini wa khasu. Dzanja lamanja lathyoka pawiri, nthiti zinanso, ndipo khutu limodzi silikumva. Woyendetsa thalakitala ndiye ananditola n'kundibweretsa kuno. Akuti njira yonse ankayesa wanyamula maliro.

Lamulungu lililonse a Gervazio amabwera atavala jekete, buledi ali m'manja. Pamaso pa asisitere ayambiranso kunditchula kuti inu. Lero anasisita chikhakha chili kudzanjachi nati, "Mukukhuta kuno, mayi? Kunyumba ndakusungirani ufa wambiri."

Chikhakhachi achotsa kumapeto kwa mwezi uno. Tsiku limenelo adzabwera kudzanditenga, ndipo asisitere akuti iwo paokha sangamukanize munthu mkazi wake. Koma bambo mfumu a pano anena kuti ikafika kalata ya ankhoswe, aphunzitsi a Ignasio atasainanso, adzandipezera chikalata cha ulendo n'kundikweza lole yomwe ikutenga a Elena ndi ana kudzera ku Tete. Akuti kupatukana pothawa imfa si kuthetsa ukwati. Ndalama ya ulendo ndili nayo, a Elena akundisungira. Chosowa ndi kalata yokha.

Ndikudziwa kumene ndikubwerera. Ndikudziwa phala la gaga, ndi masiku otsuka m'kamwa ndi kachewere mmodzi. Sindidzakhala mtolo wanu, dzanja likapola ndidzalima. Njala ya kwathu ndimaidziwa. Imapweteka, koma sivala jombo.

Amayi, m'Okutobala ndinati ndakhuta, inu munati ndi ubwana, munandionjezera. M'Disembala ndinanenanso, munati ndipirire pang'ono. Sindikukuimbani mlandu. Munanditumiza kuno kuti ndisafe ndi njala, ndipo mwachita monga mwa mwambo wanu. Koma mwambowo uli ndi mathero ake, ndipo munandiphunzitsa ndinu. Ine ndinausunga pamaso pa komboni yonse, ndipo mukudziwa chimene ndinalipira.

Aphunzitsi, apa muwerenge mokweza, amve ndi atsibweni omwe.

Ndakhuta.

Aka n'kachitatu. A Vinsenti atafika pamenepa mawu anali atatha, anangotsala ndi milomo. Ine ndatsala ndi dzanja lamanzere. Chotsani mbale, amayi, mundibweretsere madzi.

Chonde mundiyankhe msanga, kalata isagone m'nyumba. Mulembe pa keyala ya Mishoni, osati ya pa famu. Lole inyamuka mwezi uno ukamatha.

Ine mwana wanu,
Anastazia.